Trezor Safe 3: kachipangizo kabwino, koma ntchito yaikulu ikhala yanu

Anyamata angapo a pa Chanco ndi anzanga ena olandira malipiro pa intaneti akhala akundifunsa funso limodzimodzi pa WhatsApp: "Achimwene, kanthu kanu kaja tigule?" Kanthuko ndi Trezor Safe 3, kachipangizo kosungira makiyi achinsinsi a bitcoin ndi ndalama zina za mtundu umenewo. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndilembe pano kamodzi. Kachipangizoka ndi kabwino ndipo sikanandikhumudwitsepo, koma kamagwira mbali imodzi yokha ya ntchito. Mbali inayo, yomwe ndi yaikulu, sibwera m'bokosi, ndipo kuno ku Zomba ili ndi zovuta zake zomwe simudzazipeza m'kabuku ka malangizo.

Ine ndimakhala ku Matawale, ntchito yanga ndi yojambula zizindikiro za mabizinesi ndi zikuto za mabuku pa kompyuta. Makasitomala anga ambiri ndi a konkuno, olipira pa Mpamba kapena Airtel Money, koma alipo ochepa akunja omwe amalipira mu bitcoin. Kale ndinkangoigulitsa tsiku lomwelo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chikhalirecho inali itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndinayamba kusiyako pang'ono. Nanga kusiya kuti? Kusiya pa exchange, msika wa pa intaneti wogulira ndi kugulitsira bitcoin, ndi kusungitsa kwa eni ake: kiyi ali nayo ndi iwowo, inu muli ndi pasiwedi ndi lonjezo basi. Omwe anasungitsa ku exchange yotchedwa FTX anadzuka mu Novembala 2022 n'kupeza kuti kutapa kwatsekedwa. Musaiwalenso kuti Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti ndalama zimenezi sizovomerezeka ngati ndalama za dziko lino, kotero zikasowa palibe ofesi yomwe mungakalireko. Sindikukopa munthu kuti agule bitcoin. Mtengo wake umakwera ndi kutsika moti wa mtima wofooka tulo sakhala nato. Ndikulankhula ndi amene ali nayo kale.

Choyamba chomwe ambiri sachimvetsa n'chakuti m'kachipangizomu mulibe ndalama. Bitcoin imalembedwa m'kaundula yemwe makompyuta ambirimbiri padziko lonse amasunga, ndipo woisuntha ndi yekhayo amene ali ndi kiyi yachinsinsi, yomwe ndi nambala yaitali kwambiri. Trezor imapanga nambalayo mkati mwake n'kuisunga momwemo, siituluka kupita pa foni kapena pa laputopu. Mukafuna kutumiza ndalama, foni imakonza chikalata n'kuchipereka ku kachipangizoka, inu mumawerenga pa kasikirini kake n'kudina batani, iko n'kusaina mkati n'kubweza chikalata chosainidwa. Zili ngati chidindo cha amfumu: munda suli m'chidindomo, koma kalata ya malo yopanda chidindocho siyenda. Ndiye ngakhale laputopu yanu itadzaza mavairasi ochokera m'mafulashi a kosindikizitsa mapepala, kiyi siionekera.

Opanga ake ndi SatoshiLabs a mumzinda wa Prague ku Czech Republic, omwe anatulutsa Trezor yoyamba mu 2014. Safe 3 inatuluka mu Okutobala 2023 pa mtengo wa madola 79. Kuti kafike m'manja mwanu kuno ndiye nkhani ina. Musayembekezere kukapeza m'mashopu a mafoni a m'tauni, ndipo mutakapeza musagule. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja komwe tili nakoku, kulipira katundu wa kunja ndi khadi la banki n'kwa mwayi. Ine anandithandiza ndi achimwene anga a ku Johannesburg. Anaitanitsa kwa ogulitsa ovomerezeka ndi kampaniyo n'kubwera nako pa basi nthawi ya Khirisimasi, bokosi losatsegula. Kogula kwa munthu pa Facebook ayi, kogwiritsidwapo kale ntchito ayi, kotchipa modabwitsa ayi. Katsopano kamabwera ndi kachomata konyezimira kotseka polowetsera chingwe, ndipo kamakhala kopanda pulogalamu ya mkati. Pulogalamuyo, yomwe amati firmware, mumaika nokha tsiku loyamba kudzera mu Trezor Suite, pulogalamu ya kampaniyi yoyendetsera kachipangizoka, yomwe imayesanso ngati kachipangizoko ndi kenikeni. Mukapeza kali ndi PIN kale, kapena m'bokosi muli khadi lolembedwa kale mawu achinsinsi omwe ndiwafotokoza kutsogoloku, dziwani kuti wina ali nawo mawuwo ndipo akungodikira kuti muikemo ndalama.

Samalaninso ndi adiresi yomwe mukupereka poitanitsa. Mu 2020 mndandanda wa makasitomala a Ledger, kampani ya ku France yopanga zipangizo zonga zomwezi, unabedwa, ndipo mayina, manambala a foni ndi maadiresi a nyumba a anthu oposa 270,000 anamwazidwa pa intaneti. Makiyi sanabedwe, koma akuba anadziwa makomo omwe kuli zipangizozo. Ena analandira mauthenga owaopseza, ena anatumiziridwa zipangizo zabodza pa positi. Nayo Trezor inalengeza mu Januwale 2024 kuti mayina ndi maimelo a anthu pafupifupi 66,000 omwe analemberapo ku ofesi yake yothandiza makasitomala anaonedwa ndi anthu osayenera. Achimwene analandirira kuntchito kwawo, osati kunyumba.

M'manja kali kakang'ono, kapulasitiki, kopepuka moti ungakayike ngati muli kanthu. Kutsogolo kuli kasikirini ka zilembo zoyera ndi mabatani awiri, basi. Batire kalibe, kamayaka pokhapokha mwakalumikiza ndi chingwe cha USB-C. Ichi ndimachikonda, poti kakhoza kukhala pamalo pake miyezi osafuna kutchaja, ndipo magetsi akazima, bola foni ili ndi moto, ntchito imayenda. Pa foni ya Android kamagwira ndi chingwe. A iPhone dziwiranitu kuti pa foni yanu muzingoona zomwe muli nazo, potumiza mufunika kompyuta. Kasikiriniko n'kakang'ono zedi, amene amawerenga nyuzipepala ataitalikitsa ndi nkhope akonzeretu magalasi. Ndipo poti mabatani ndi awiri okha, kulemba chilichonse n'kuyenda chilembo chimodzichimodzi, kumanja, kumanzere, kenako kudina onse pamodzi kuvomereza. Pa PIN sizitopetsa. Pa mawu obwezeretsera waleti, lomwe ndi thumba lanu la bitcoin, mudzafuna mpando.

PIN ndi yoteteza kachipangizoko kakagwa m'manja mwa wina. Munthu akalakwitsa, nthawi yodikira asanayesenso imangowirikiza, ndipo akalakwitsa ka 16 kamadzifufuta kokha. Ledger imadzifufuta mukalakwitsa katatu kokha. M'nyumba ya ana okonda kudinadina ngati yanga, 16 ndi yabwinoko. Musaike chaka chomwe munabadwa, musaikenso PIN ya pa foni ija yomwe banja lonse likuidziwa.

Tsopano tifike penipeni. Pokhazikitsa waleti, kasikirini kamakuonetsani mawu achingerezi motsatizana, oti muwalembe pa khadi lomwe limabwera m'bokosi. Ndi omwe aja amati seed phrase. Makiyi anu onse amabadwa kuchokera m'mawu amenewa. Kachipangizo kakabedwa, kakapsa, kakagwera mu Likangala, mumapeza kena n'kulowetsa mawuwo, ndalama zonse n'kuonekanso. Koma wina akawaona mawuwo, kachipangizo kanu alibe nako ntchito, PIN yanu alibe nayo ntchito. Amasesa zonse ali khale kwawo, ndipo bitcoin ikapita palibe woibweza. Madola 79 aja agula chitetezo cha kiyi kwa akuba a pa intaneti. Kuteteza mawuwo palibe wakugulitsani, muchita nokha.

Safe 3 imakupatsani mwayi wosankha. Pali mawu 20 a dongosolo la SLIP39, lomwe anayambitsa ndi a kampaniyi ndipo ndi lomwe amakulozerani poyamba, komanso pali mawu 12 kapena 24 a BIP39, dongosolo lakale la mu 2013. Ine ndinatenga BIP39, ndipo munthu wa kuno ndingamulangize chomwecho. Wa ku Prague kake kakafa lero, mawa wagula kena. Ine kanga kakafa ndidikira basi ya achimwene. Mawu a BIP39 amalandiridwa ndi pafupifupi waleti iliyonse, kaya Ledger, kaya mapulogalamu aulere monga Electrum, Sparrow ndi BlueWallet, kotero zitavuta ndikhoza kupulumutsa ndalama tsiku lomwelo. SLIP39 ili ndi ubwino wake womwe ndiutchula kutsogoloku, koma mawaleti oidziwa ndi ocheperapo.

Polemba mawuwa pali msampha womwe ndi wa ife a Malawi makamaka. Mawu a BIP39 amachokera pa mndandanda wa mawu 2,048, ndipo pa mndandandawo pali "glass" ndi "grass", pali "load" ndi "road", pali "light" ndi "right", pali "collect" ndi "correct". Ife L ndi R m'kamwa mwathu ndi chilembo chimodzi, ndipo dzanja limatsata pakamwa. Musauze munthu kuti azikuwerengerani mokweza inu mukulemba, musalembenso liwu chifukwa mukulidziwa kale. Yang'anani pa kasikirini, koperani chilembo ndi chilembo, m'zilembo zazikulu, nambala ya liwu lililonse pambali poti ndondomeko yake ndi yofunika. N'zoona kuti liwu lomaliza lili ndi kachizindikiro kogwira zolakwika, koma pa mawu 12 kachizindikiroko n'kofooka. Mwa zolakwika 16 zotere, chimodzi chimadutsa osagwidwa n'kukutsegulirani waleti ina yopanda kanthu, inu thukuta lili kamukamu.

Kujambula mawuwo ndi foni n'kuwapereka. Chithunzicho chimakwera chokha ku Google Photos, ndipo tsiku lomwe sikirini yasweka foniyo imakagona kwa wokonza mafoni kumsika. Kudzitumizira pa WhatsApp n'chimodzimodzi. Kukasindikizitsa ndiye musayese n'komwe.

Mwalemba pa khadi, chabwino. Koma khadilo ndi pepala, ndipo aliyense wokhala m'munsi mwa phirili akudziwa zomwe chinyezi cha Januwale ndi Febuluwale chimachita. Nsapato zimachita chuku pansi pa bedi, masatifiketi amamatana m'sutikesi, inki imafalikira. Chomwe chinyezi chasiya chiswe chimamaliza. Nanga madzi? Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndipo anagwetsa nyumba m'maboma a kum'mwera, Zomba yomwe. Ambiri mwa opulumuka anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Chichokere pamenepo sindikhulupiriranso pepala pa chinthu chomwe sichingapemphedwenso ku ofesi iliyonse.

Yankho lake ndi chitsulo. A Trezor amagulitsa chawo chotchedwa Keep Metal, koma mtengo wake si wamasewera, ndipo nacho n'chodikira basi. Ine ndinapanga ndekha. Chofunika ndi chitsulo chosachita dzimbiri chija amapangira masinki, chomwe chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,400. Aluminiyamu wa mapoto amasungunuka pa 660, moto wa nyumba ukhoza kumumaliza, ndipo lata imadyeka ndi dzimbiri. Wowotcherera zitsulo wina chakumsika anandidulira tizidutswa kuchokera ku sinki yakale. Atamva kuti ndikufuna kulembapo mawu anati, "Abwana, bwanji osangondipatsa mawuwo ndikulembereni bwinobwino? Ntchito yochepa imeneyo." Ndinati, "Zikomo bambo, koma awa ndikalemba ndekha." Anali ndi mtima wothandiza, koma mawu awa saonetsa mmisiri, saonetsa m'busa, saonetsa mlamu.

Tizitsulo todindira zilembo ndinagula ku shopu ya hadiweya ku Limbe. Mwayi wake ngwakuti pa mndandanda wa BIP39 palibe mawu awiri ofanana zilembo 4 zoyambirira, ndiye simulemba liwu lonse, zilembo 4 zakwana. Jambulani mizere ndi pensulo kaye. Kachidutswako kakhale pa chitsulo china chochindikala, chifukwa pa thabwa kamadumpha ndipo simenti ya m'nyumba ya lendi imasweka. Hamala ikhale yolemera, ndipo menyani kamodzi, mwamphamvu. Mukabwereza, chidindo chimakhala chasuntha pang'ono, E amaoneka ngati B, O ngati Q. Yambani mwayeserera pa kachidutswa kotsala mpaka dzanja lizolowere. Phokoso lake limamveka mzere wonse wa nyumba, ndiye konzekeranitu yankho la aneba. Ine anga anaganiza kuti ndikuwongola chivundikiro cha poto, ndipo sindinawatsutse. Chitseko chinali chotseka, foni ili kuchipinda china.

Komwe ndinaika zitsulozo sindikuuzani. Ndingoti zisakhale nyumba imodzi zonse, zisakhalenso pamodzi ndi kachipangizo. Ndipo kumbukirani ogula zitsulo zakale aja oyenda m'makwalala ndi sikelo. Kwa mwana wofuna ndalama ya mandasi, kachitsulo kolembedwa zilembo zosamveka ndi katundu wogulitsa.

Apa ndi pomwe Safe 3 inandisangalatsa koposa. Mu Trezor Suite muli malo oyesera mawu anu popanda kufufuta kanthu. Mumalowetsa mawuwo pa kachipangizo penipenipo, iko n'kukuuzani ngati akugwirizana ndi omwe ali mkati. Yesani powerenga pa chitsulo, osati pa pepala, poti chomwe mudzadalire ndi chitsulocho. Komabe ine sindinakhutire ndi zimenezo. Ndisanaikemo ndalama zenizeni ndinatumizamo kochepa kwambiri, ndinafufuta kachipangizo konse, kenako ndinakapereka kwa mayi a kunyumba pamodzi ndi chitsulo.

"Abambo, ndiye ndalama zija zapita?"

"Sizinapite mayi. Lowetsani zomwe zili pa chitsulopo."

Anakhala pa tebulo, chala chikuyenda pa mzere woyamba, akusaka chilembo ndi batani la kumanja. Ukalowetsa zilembo ziwiri kapena zitatu, kachipangizo kamayamba kukupatsa mawu oti usankhepo, ndiye pofika pa liwu lachinayi anali atagwira njira. Anang'ung'udza za kuchepa kwa zilembo, anasendeza nyale pafupi, anabwerera m'mbuyo kamodzi atadutsa chilembo chomwe ankafuna. Ine ndinakhala chete dala, manja m'thumba, poti tsiku lomwe adzafunike kuchita zimenezi ine sindidzakhalapo kuti ndiwalozere. Atamaliza tinayang'ana pa laputopu, ndalama ija n'kuonekera. Anatembenuza kachitsuloko uku ndi uku n'kunena kuti, "Ndiye chuma chake ndi ichi? Ine ndimayesa ndi kafoni kanuka."

Pali chinthu china chomwe chimaimitsa anthu mtima pobwezeretsa, makamaka mu pulogalamu ina. Maadiresi a bitcoin, omwe ali ngati nambala yolandirira ndalama, ali m'mitundu: ena amayamba ndi 1, ena ndi 3, ena ndi bc1q, ena ndi bc1p. Mawu omwewo amabala mitundu yonseyi, koma uliwonse ndi thumba lakelake. Mukasankha mtundu wolakwika, waleti imatsegula bwinobwino n'kuonetsa ziro, pomwe ndalama zilipo. Mu Electrum mumayeneranso kusankha kuti mawu anuwo ndi a BIP39, chifukwa Electrum ili ndi dongosolo lakelake la mawu. Choncho lembani penapake kuti maadiresi anu amayamba bwanji komanso kuti munagwiritsa ntchito chipangizo chanji. Zimenezo si chinsinsi, koma zidzapulumutsa munthu ku mantha aakulu.

Za tsiku ndi tsiku ndidutsa mwachangu poti sizivuta. Polandira ndalama, adiresi imaoneka pa laputopu ndi pa kasikirini, ndipo yokhulupirira ndi ya pa kasikirini. Potumizanso werengani adiresi yonse pamenepo musanadine, chifukwa pali mavairasi omwe ntchito yawo n'kusintha adiresi yomwe mwakopera n'kuikapo ya mbala. Ndalama yolipira potumiza imapita kwa oyendetsa netiweki, osati kwa a Trezor, ndipo imakwera ndi kutsika malinga ndi kuchuluka kwa otumiza. Olandira USDT, ndalama ina ya pa intaneti yotsata mtengo wa dola, onetsetsani musanagule kuti netiweki yomwe USDT yanu imadzera ili pa mndandanda wa zomwe kachipangizoka kamalandira, poti USDT ya pa Ethereum ndi ya pa Tron si njira imodzi.

Chomwe kachipangizoka sikangachite n'kukutsekani pakamwa. Kuno tinazolowera mafoni aja a "ndatumiza ndalama molakwika pa nambala yanu, chonde bwezani". Akuba a bitcoin ndi abale awo, kungoti amalemba Chingerezi chosalala. Amabwera pa imelo kapena pa Telegram ngati ogwira ntchito ku kampani, amati waleti yanu ili pa ngozi, lowetsani mawu anu apa kuti muiteteze. Palibe kampani yoona yomwe imafunsa mawu amenewa. Malo ake olowetsera ndi pa kachipangizo pokha, ndi mabatani ake awiri aja. Mukakakamizika kuwalowetsa pa foni kapena pa kompyuta chifukwa kachipangizo kafa, ndiye kuti mawuwo aonekera. Samutsirani ndalama ku waleti ya mawu atsopano mukangopeza kena.

Nanga mbala ikatenga kachipangizo kenikeniko? Mu 2020 akatswiri a Kraken Security Labs anaonetsa kuti munthu wa zida zoyenera akhoza kutulutsa mawu mu Trezor zakale, Trezor One ndi Model T, ali nazo m'manja kwa mphindi pafupifupi 15. Safe 3 anaiwonjezera kachipu kapadera kolimbana ndi kuba kotereku, ndipo n'chifukwa chake ndinasankha iyi kusiya zakalezo. Kunena zoona, wothyola nyumba ku Chikanda kapena ku Chinamwali akufuna foni ndi laputopu, za kachipu sakuzidziwa. Woopsa ndi amene wamva kuti muli ndi bitcoin n'kubwera ndi chikwanje kuti mutsegule nokha. Mankhwala oyamba a zimenezo ndi kusadzitama ku bawo ndi kumowa.

Mankhwala achiwiri ndi passphrase, mawu owonjezera omwe mumapeka nokha, osapitirira zilembo 50. Mukawaika pamwamba pa mawu 12 aja, pamatseguka waleti ina yobisika. Mukhoza kusiya kochepa m'waleti yoonekera, zambiri n'kubisa kuseri. Ngakhale wina atapeza chitsulo chanu, popanda passphrase angoona kochepako. Nzeru yabwino, koma ili ndi mano. Passphrase sisungidwa m'kachipangizo, ndipo palibe yomwe kamakana. Mukasintha chilembo chachikulu kukhala chaching'ono, kapena kuwonjezera mpata umodzi, kamakutsegulirani waleti ina yopanda kanthu osakuchenjezani. Mukaiwala, zatha, ngakhale mawu 12 onse muli nawo. Stefan Thomas, katswiri wa makompyuta wokhala ku San Francisco, ali ndi makiyi a bitcoin 7,002 otsekeredwa m'fulashi ya IronKey yomwe imalola kuyesa pasiwedi ka 10 kokha. Anataya pepala lomwe analembapo pasiwediyo, ndipo pomwe nkhani yake inkamveka mu 2021 anali atayesa kale ka 8. Ngati katswiri anaiwala, mutu wanga ndi wanu si wodalirika. Woyamba kumene ndingamuuze kuti passphrase aisiye kaye. Wofuna kuigwiritsa ntchito ailembe nayonso pa chitsulo, n'kuisunga kutali ndi mawu aja.

Pali nkhani ina yomwe sitikonda kuikamba, ya imfa. Ndalama za ku banki, mwini akamwalira, mkazi ndi ana amatha kuzipeza potsata lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, ngakhale kuti pamakhala kuyendayenda ndi makalata. Bitcoin sidziwa kalata ya kukhoti. Amene ali ndi mawu ndiye mwini, kaya ndi namfedwa, kaya ndi msuweni yemwe anafika msanga pa sutikesi anthu ali kumanda. Ndipo ngati palibe amene akudziwa za mawuwo, ndalamazo zimangokhala m'kaundula mpaka kalekale, ana akusowa fizi. Kulemba mawuwo mu wilo n'kulakwa, poti wilo imadutsa m'manja ndi m'maso mwa anthu ambiri. Kudula mawu 12 pakati kuti 6 akhale uku 6 uko nakonso sikuthandiza, chifukwa mbali imodzi ikasowa zonse zasowa.

Ubwino wa SLIP39 uja uli apa. Imalola kugawa chinsinsi m'magawo, mpaka 16, n'kunena kuti angati akakumana atsegule. Mwachitsanzo magawo 3, oti 2 alionse akwane: limodzi kwa mkazi wanu, lina kwa mlongo wanu ku Lilongwe, lina kumudzi. Gawo limodzi palokha siliulula kanthu, ndipo limodzi likasowa awiri otsalawo akwanira. Kwa munthu wa ndalama zambiri, kapena wa banja lomwe pamaliro pamabuka milandu, njira imeneyi ndi yoyenera kuiganizira, ndipo Safe 3 imaichita popanda kugula china. Ine zanga n'zochepa, ndiye ndinatsata njira yachidule. Mayi a kunyumba akudziwa komwe kuli chitsulo, anabwezeretsapo waleti ndi manja awo, ndipo pali kalata ya m'Chichewa yofotokoza ndondomeko yonse, yopanda mawu achinsinsiwo, yomwe ikuchenjezanso kuti aliyense wodzipereka "kuthandiza" asaonetsedwe chitsulo.

Ndiye mugule? Ngati zomwe muli nazo sizikuposa mtengo wa kachipangizoka kangapo, ayi. Ikani BlueWallet kapena waleti ina yodziwika pa foni, lembani mawu ake mosamala momwe ndafotokozeramu, ndalama ya Trezor mugulire bando ndi ndiwo. Ngati mumagula ndi kugulitsa tsiku ndi tsiku, kazingokuchedwetsani. Koma ngati mukusunga ndalama yoti itasowa mungadwale nayo, ndipo mukufuna kuisunga zaka, gulani. Poyerekeza ndi Ledger Nano S Plus, yomwe mtengo wake unali wofanana, ine ndinakondera Trezor chifukwa pulogalamu yake ya mkati ndi yoonekera poyera, aliyense wodziwa akhoza kuifufuza. Komanso Ledger italengeza mu Meyi 2023 ntchito yolipira yotchedwa Recover, yomwe imatumiza mawu anu obisidwa m'zidutswa zitatu ku makampani atatu, ngakhale kuti ndi ya ofuna okha, mtima wanga sunakhazikike nayo. Anzanga ena akugwiritsa ntchito Ledger mosadandaula, ndipo sindikangana nawo.

Powerengera mtengo musaiwale chitsulo, todindira zilembo, ndi Loweruka lathunthu lokhala pansi kuyesa kubwezeretsa pamodzi ndi munthu yemwe mumamukhulupirira. Amene alibe nthawi ya Loweruka limenelo asavutike n'kugula. Ine chomwe chatsala n'kupeza kachipangizo kachiwiri kongosunga, ka kampani ina koma kolandira mawu a BIP39, kuti kanga kakadzafa ndisadzalowetse mawu pa laputopu. Ndawauza kale achimwene kuti ulendo wa Disembala uno asabwere ndi nsapato.